Ngati maganizo amathawa mukamapemphera

Ambiri amagwada kuti apemphere, koma pasanathe mphindi ziwiri maganizo amakhala ali kale pa ngongole, pa fizi ya ana kapena pa ndiwo za mawa. Ena tulo timawapeza asananene Ameni. Nayi njira yothandiza.

Musapemphere mutagona pabedi, chifukwa thupi linazolowera kuti pamenepo ndi pogona. Khalani pampando kapena gwadani, foni muisiye kutali. Pempherani motulutsa mawu, ngakhale monong'ona. Pakamwa pakamalankhula, mtima suyendayenda kwambiri.

Kenako tengani Pemphero la Ambuye, pa Mateyu 6:9-13, likhale njira yoti mudutsemo. Osalithamangitsa. Nenani chiganizo chimodzi, imani, muwonjezere mawu anuanu. Poyeretsa dzina la Mulungu, tchulani zinthu zitatu zimene wakuchitirani dzulo. Mukafika pa chakudya cha lero, m'pamene mubweretse za ufa, lendi, ntchito ndi odwala, mowatchula mayina. Pa kukhululuka musangoti "machimo anga onse". Tchulani tchimolo, mutchulenso munthu amene mukumusungira chakukhosi. Apa m'povuta ndithu, koma osadumphapo, pakuti Yesu anabwerezanso mfundo imeneyi pa ndime 14 ndi 15.

Mphindi 10 zimakwanira.

Pambali panu pakhale kope ndi cholembera. Ganizo lina likabwera, monga logula mayunitsi a magetsi, lilembeni n'kubwerera ku pemphero. Maganizo otere amakakamira chifukwa mtima ukuopa kuiwala, ndiye mukalemba amakusiyani. M'kope lomwelo lembaninso zopempha zanu ndi tsiku lake, kuti yankho likafika mudziwe chothokozera.