Chiuno chikayamba kuwawa: malangizo kwa othamanga mitunda italiitali

Othamanga ambiri akabwera kudzafunsa za chiuno, funso lawo limakhala limodzi: "Kodi ndisiye?" Ambiri mwa iwo sayenera kusiya. Chofunika ndi kuchepetsa mtunda kwa kanthawi, kusintha kapondedwe, ndi kudzutsa minofu imene yakhala ikugona kwa zaka. Koma alipo ena, ochepa ndithu, amene ayenera kuima lero lomwe osadikira mawa. Choncho tisanakambe za masewera olimbitsa thupi, tione kaye kuti inu muli m'gulu liti.

Lozani pamene pakuwawa

Mawu oti "chiuno" amabisa zambiri. Mfundo yeniyeni ya chiuno ili mkati, pamene mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umalowa m'kadzenje ka fupa la chiuno. Mafupa awiriwa ndi okutidwa ndi chicherewechere choterera, ndipo m'mphepete mwa kadzenjeko muli kamkombero kofewa kamene madokotala amakatcha labrum. Ululu wochokera mu mfundo imeneyi umamvekera kutsogolo, m'mphechepeche, nthawi zina n'kutsikira kubondo. Munthu wotere mukamuuza kuti aloze, sakwanitsa ndi chala chimodzi. Amatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kufumbata chiuno m'mbali, akunena kuti "ndi mkatimu." Kukhala pampando wotsika kumamuvuta, kunjuta kumamulasa, ndipo kuvala sokosi m'mawa kumakhala ntchito.

Ululu wa m'mbali ndi wina. Pamene fupa limatumphuka kunja kwa ntchafu, paja pamagunda pansi mukagona chammbali, ndi pamene mitsempha ya minofu ya m'matako imamangirira. Pakawawa pamenepo mukasindikiza, mukagonera mbali imeneyo usiku, kapena mukamakwera masitepe, kawirikawiri vuto ndi mitsempha yotopa, mfundo ili bwinobwino. Ndiye pali ululu woyambira m'thako n'kuyenda mwendo wonse ndi dzanzi: umenewo nthawi zambiri gwero lake ndi msana, ndipo kusisita chiuno sikungauchotse.

Ululu umene simuyenera kuthamanga nawo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene miyendo ya anthu imawonongekera. Pansi pa mutu wa fupa la ntchafu pali khosi lopyapyala limene limasenza thupi lonse. Wothamanga akawonjezera mtunda mofulumira kuposa mmene fupa lingadzikonzere, khosi limeneli limachita mng'alu pang'onopang'ono. Poyamba ndi kaululu chabe m'mphechepeche chakumapeto kwa mtunda. Sabata yotsatira kamayamba msanga. Kenako kamamveka ngakhale poyenda, ndipo usiku kamakudzutsani.

Yesani izi: imani ndi mwendo wowawawo, dumphani pang'ono kawiri kapena katatu. Mukamva kulasa mkati, kapena thupi likakana kudumpha, lekani kuthamanga, musaupondere mwendowo mwamphamvu, ndipo pitani kuchipatala. Mukafika nenani momveka kuti ndinu wothamanga ndipo mwawonjezera mtunda posachedwa. X-ray ya masabata oyambirira nthawi zambiri siwonetsa mng'alu wotere. Makina ena ojambulira m'kati mwa thupi otchedwa MRI ndi amene amauona msanga. Choncho mukauzidwa kuti chithunzi chili bwino koma ululu ukupitirira, bwereraninso. Mng'alu ukapezeka msanga, nthawi zambiri umapola ndi ndodo zoyendera ndi kupuma kwa masabata angapo. Ukasiyidwa, fupa limatha kuthyokeratu, magazi opita kumutu wa fupa n'kuduka, ndipo munthu wa zaka 25 amapezeka ali pa tebulo la opaleshoni.

Amene ali pa chiopsezo kwambiri ndi othamanga amene sadya mokwanira poyerekeza ndi mphamvu zimene akuwotcha. Kwa amayi ndi atsikana, kusiya kusamba kwa miyezi ingapo pamene mulibe pakati ndi chenjezo lakuti mafupa akuchepa mphamvu. Ena amaona ngati ndi umboni wakuti akulimbikira. Ayi ndithu. Kauzeni adokotala.

Pitaninso msanga ngati chiuno chikuwawa limodzi ndi kutentha thupi, ngati mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena ngati simungathe kuupondera mutagwa.

Ngati si fupa, tiyeni tikambe za katundu

Mukamathamanga, phazi lililonse likagunda pansi limalandira mphamvu yokwana kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu. Wothamanga woponda ka 160 pa mphindi amaponda ka 9,600 pa ola limodzi, mwendo uliwonse ka 4,800. Chiuno chimatha kusenza zimenezi, koma chimafuna kuzolowera. Mavuto ambiri amabwera pamene katundu wachuluka mwadzidzidzi: mtunda wawonjezeka, mapiri alowa, liwiro lakwera, zonse m'mwezi umodzi.

Anthu ena adzakuuzani kuti kuthamanga kumadya mfundo. Kafukufuku wina wa mu 2017, amene anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku ambiri, anapeza nyamakazi ya m'chiuno kapena m'bondo mwa anthu 3.5 pa 100 aliwonse othamanga mongolimbitsa thupi, poyerekeza ndi 10.2 mwa anthu ongokhala. Mwa akatswiri opikisana pamlingo wapamwamba chiwerengero chinali 13.3. Chicherewechere chilibe mitsempha ya magazi; chimadya kudzera m'madzi a mu mfundo pamene chikufinyidwa ndi kumasulidwa. Kungokhala kumachimana chakudya, ndipo kuchisenzetsa mopyola kumachitopetsa.

Muyeso umene ndimaukhulupirira ndi wa m'mawa wotsatira. Yerekezani ululu kuyambira 0 mpaka 10. Mukamathamanga, ukakhala pa 2 kapena 3, osakula, ndipo simukutsimphina, mutha kumaliza. Mawa lake mukadzuka, pondani pansi, yendani pang'ono, kwezani bondo muvale sokosi. Ngati zili monga dzulo, katundu uja anali woyenera. Ngati chiuno chauma kapena chikuwawa kuposa dzulo, munapyola, ndipo ulendo wotsatira ukhale waufupi. Lembani m'kabuku mtunda, njira, ndi nambala ya m'mawa. Pakatha masabata atatu kabukuko kadzakuuzani zimene mutu umaiwala. Koma kumbukirani, muyeso umenewu ndi wa mitsempha ndi mfundo, pa mng'alu wa fupa sugwira ntchito.

Poyambira pabwino ndi kudula mtunda wa pa sabata pakati, kusiya kaye mapiri ndi liwiro, ndi kulumphitsa tsiku pakati pa maulendo. Ngati nazonso zikuwawitsa, sakanizani: thamangani mphindi 2, yendani 1. Palibe manyazi pamenepo. Masiku ena sambirani kapena palasani njinga kuti mtima ndi mapapo zisabwerere m'mbuyo, koma amene ululu wawo ndi wakutsogolo akweze chishalo, chifukwa chishalo chotsika chimapinda chiuno kwambiri. Zikayamba kukhala bwino, bwezeretsani chinthu chimodzi pa nthawi: mtunda poyamba, mapiri pambuyo, liwiro komalizira.

Kapondedwe nakonso kali ndi gawo. Ambiri amaponya mwendo kutali kutsogolo, chidendene n'kugunda pansi bondo litawongoka. Akatswiri a pa University of Wisconsin ku America anasonyeza mu 2011 kuti kuwonjezera chiwerengero cha kuponda pa mphindi ndi magawo 10 pa 100, liwiro lili lomwelo, kumachepetsa mphamvu yofika pabondo ndi pachiuno. Werengani kangati phazi lamanja likugunda pansi m'masekondi 30, chulukitsani kanayi. Mukapeza 156, yesani kufika cha pa 164 poyamba, pofupikitsa mapazi, osati pothamanga kwambiri. Samalaninso ndi msewu wopendekera m'mbali: kuthamanga mbali imodzi tsiku ndi tsiku kumapangitsa mwendo wina kukhala ngati wautali.

Minofu ya m'matako

Nthawi iliyonse mwendo umodzi uli m'mwamba, minofu ya m'mbali mwa thako la mwendo wapansi ndi imene imagwira chiuno kuti chisapendeke. Imani pagalasi ndi mwendo umodzi, pindani bondo pang'ono. Mukaona chiuno cha mbali inayo chikugwa, bondo likulowa mkati, ntchito yanu mwaiona.

Yambani chagada, mawondo opinda, kwezani matako, gwirani masekondi 5, tsitsani pang'onopang'ono. Zikaphweka, chitani ndi mwendo umodzi. Onjezerani kukwera pa sitepe ndi mwendo umodzi chiuno chili chowongoka, kuyenda chammbali mutamanga lamba wa labala pamwamba pa mawondo, ndi kudzichirikiza chammbali pa chigongono. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, bola katundu aziwonjezeka pang'onopang'ono. Mtsempha suchira m'masiku khumi. Werengerani miyezi iwiri kapena itatu musananene kuti zakanika.

Chinthu chimodzi chimandimvetsa chisoni. Munthu wa ululu wa m'mbali amakokera bondo kudutsa pachifuwa m'mawa uliwonse, akuti akuwongola, ena amagubuduza botolo pamalo owawawo. Kumeneko ndi kufinyira mtsempha wodwala pafupa, ndipo ululu umangokula. Lekani kukoka, lekani kupingasa miyendo mukakhala, musamaime motsamira chiuno chimodzi, ndipo pogona ikani pilo pakati pa mawondo. Wa ululu wakutsogolo nayenso asakakamize kunjuta mozama kapena kukankhira bondo pachifuwa. Ngati fupa likugunda m'mphepete mwa kadzenje, kukoka sikungalisunthe.

Mapiritsi, jakisoni ndi mpeni

Musamwe ibuprofen kapena diclofenac kuti mumalize mtunda wautali. Mankhwala amenewa amatseka pakamwa mlonda amene akukuchenjezani, komanso amalemetsa impso pamene thupi lataya madzi ambiri, ndipo amatha kupweteka m'mimba.

Jakisoni wa cortisone amatonthoza ululu msanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda. Koma kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 2018, pa anthu 204 a ululu wa m'mbali mwa chiuno, anapeza kuti ophunzitsidwa kusamala katundu ndi kuchita masewera olimbitsa minofu ananena kuti akupeza bwino mochuluka kuposa obayidwa, pa masabata 8 komanso patatha chaka.

Za opaleshoni, musathamangire chifukwa cha chithunzi chokha. Othamanga ambiri opanda ululu uliwonse, atajambulidwa, amapezeka ndi fupa lotumphuka pang'ono kapena labrum yong'ambika. Akatswiri atakumana ku Warwick, ku Britain, mu 2016 anagwirizana kuti vuto la kugundana kwa mafupa m'chiuno litchulidwe pokhapokha zinthu zitatu zikugwirizana: zimene munthu akumva, zimene dokotala wapeza pomupima, ndi chithunzi. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2018, pa anthu 348 a vuto limeneli, anaonetsa kuti opaleshoni yolowetsa kakamera mu mfundo komanso masewera otsogozedwa ndi a fiziyo (akatswiri othandiza odwala pogwiritsa ntchito masewera olimbitsa thupi) zonse zinathandiza, ngakhale opaleshoni inaposa. Ine ndimati perekani kaye miyezi itatu ya masewera ochitidwa mokhulupirika. Ngati chiuno chikukakamira, kumangika, kapena ululu sukusuntha, pamenepo kambiranani ndi dokotala wa mafupa, mutanyamula kabuku kanu kaja.

Amene anaikidwa kale mfundo yachitsulo asayambe kuthamanga asanafunse dokotala amene anawachita opaleshoni, chifukwa yankho limadalira mtundu wa chitsulocho ndi mphamvu ya fupa lozungulira. Ndipo ngati mpikisano umene munalembetsa uli m'masabata anayi pamene mukutsimphinabe potsika pabedi, ulekeni upite. Makilomita 42 ndi ochuluka kwa chiuno chimene sichinavomere makilomita 10.