Soketi yolowa m'khoma: zoyenera kusamala pulasitala asanapakidwe

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, akafika pakhomo, kaya ku Ulongwe, ku Furancungo kapena ku Moatize, mabanja ambiri amayamba ndi soketi imodzi pabalaza. Pakapita miyezi mumapeza ekisitenshoni yalumikizidwa ku inzake, nthambo yadutsa pansi pa mkeka kupita kuchipinda, firiji, TV ndi simbi zonse zikudalira soketi imodzi yomweyo. Moto wa m'nyumba umayambira pamalo otere. Njira yabwino ndi kuonjezera masoketi olowa m'khoma, koma ntchito imeneyi ikangokwiriridwa ndi simenti palibenso amene angaione, choncho inu eni nyumba muyenera kudziwa zimene zikulowa m'khomamo.

Tigawane ntchito kaye. Kusema khoma ndi kuika kabokosi ka soketi mungathe nokha kapena ndi mmisiri womanga. Kulumikiza mawaya ku quadro, bokosi logawira magetsi m'nyumba, ndi ntchito ya mmisiri wophunzira zamagetsi. Mita ya Credelec, yolipiriratu magetsi, ndi ya EDM, musaigwire.

Malo a soketi muwasankhe mutaganizira pamene bedi, firiji ndi TV zidzakhale. Kawirikawiri timaiika masentimita 30 kuchokera pansi, koma kukhitchini ikwere kufika pafupifupi masentimita 110, kutali ndi mpopi ndi sinki. Kwa inu a ku Angónia ndi Tsangano, yang'anani khoma lanu m'nyengo ya dzinja. Ngati limanyowa m'munsi mpaka utoto kufundulika, ikwezeni soketiyo kupitirira pamene chinyezi chimalekezera.

Tsopano ngalande ya paipi yodutsamo waya, ndipo apa ndikupempheni kuti mumvetsetse. Iyende molunjika kuchokera kumwamba kutsikira pa soketi, kapena chopingasa mowongoka. Isadutse mopendekera pofuna kupulumutsa waya. Chifukwa chake n'chakuti mawa wina adzakhoma msomali wa kalendala kapena wa katani, ndipo akaona soketi amadziwa kuti waya ali pamwamba pake kapena m'mbali mwake. Waya woyenda mokhotakhota palibe angamulote. Kuya kwa ngalande yotsika kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 3 a kuchindikala kwa khoma, ndipo yopingasa isapitirire gawo limodzi mwa magawo 6, chifukwa yopingasa ndiyo imafooketsa khoma kwambiri. Mzati wa konkire ndi mtanda wa pamwamba pa chitseko kapena zenera musazitseme konse. Mabokosi awiri asayang'anizane misana pa khoma limodzi. Ndipo ngati khoma ndi la njerwa imodzi yopyapyala yomangidwa ndi dothi, ine ndinganene kuti lisiyeni, waya adutse pamwamba m'kangalande ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro.

Dulani mizere iwiri ndi makina odulira, kenako chotsani zapakati ndi tchizulo ndi hamala. Valani magalasi ndi chophimba pamphuno. Pa mabuloko a simenti obowoka mkati menyani mofatsa, chikamba chake sichichedwa kusweka.

M'ngalandemo mulowe paipi ya magetsi, ya mamilimita 20 imakwanira. Amisiri ena othamangira kumaliza amakwirira waya mu simenti wopanda paipi. Musalole. Tsiku limene wayayo adzapse, mudzagumula khoma lonse, pamene wa m'paipi amangosololedwa n'kulowetsa wina. Bowo la kabokosi linyowetsedwe ndi madzi, muikemo matope a simenti ndi mchenga, kabokosiko kakanikizidwe mpaka milomo yake ilingane ndi pamene pulasitala adzathere. Onani ndi levulo kuti mabowo a masikuluwu awongoka, tsekani mkati ndi pepala kuti matope asalowe, ndipo mudikire tsiku limodzi kapena awiri kuti kagwire. Musanapake pulasitala jambulani khomalo ndi foni, chithunzicho chidzakuthandizani.

Waya wa soketi ndi wa kopa wa 2.5 mm², ndipo akhale atatu: wabulauni wonyamula moto, wabuluu wobweza, ndi wobiriwira ndi chikasu wa terra, wopita kunthaka. Pogula, palani nsonga yake ndi mpeni. Ngati mkati mwaoneka moyera, ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa, musiyeni m'sitolo momwemo. Ku quadro mzerewu ukhale ndi disjuntor ya 16 A, switchi yodula magetsi yokha akachuluka. Pa mphamvu yathu ya 220 V, zimenezi zikutanthauza mawati pafupifupi 3,500 pa mzere wonse. Ketulo yamagetsi yokha imadya pafupifupi 2,000, ndiye mukayatsanso mbaula yamagetsi mwafika kale pamalire. Disjuntor ikamagwa kawirikawiri, musauze mmisiri kuti aike yaikulu. Idzasiya kugwa, inde, koma waya ndiye adzayambe kutentha m'khoma. Khitchini ipatsidwe mzere wakewake.

Waya wachitatu uja ambiri amamusiya poti magetsi amayaka ngakhale palibe. Koma ndi amene amateteza mwana wogwira firiji ali wosavala nsapato. Ayenera kukafika ku chitsulo cha terra chokhomedwa m'nthaka, ndipo m'quadro mukhale diferencial ya 30 mA yodula magetsi akayamba kuthawira kwina. Kumadera otentha a m'mbali mwa Zambezi nthaka imauma kwambiri m'chilimwe ndipo terra amafooka, choncho mmisiri ayeze ndi chipangizo, asangoyang'ana ndi maso.

Za mtundu wa soketi, ganizirani katundu amene muli naye. Wa kuno ali ndi pulagi ya mano awiri obulungira. Wogulidwa ku Dedza, ku Lizulu kapena kudutsa pa Zóbuè amabwera ndi mano atatu aphanthiphanthi, ndipo wa ku South Africa ali ndi atatu aakulu obulungira. Sinthani pulagi kapena ikani soketi yogwirizana nayo. Kukanikiza pulagi yosayenera, kapena kulowetsa mawaya osenda n'kutsekera ndi machesi, kumakulitsa mabowo mpaka soketi iyambe kuthetheka.

Polumikiza, mmisiri azimitse quadro yonse ndi kutsimikiza ndi tesita kuti moto palibe. Masikuluwu amangidwe zolimba, kopa asaonekere kunja. Akamaliza, dinani batani la T pa diferencial, magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo. Kenako sitani zovala kwa mphindi 15 n'kukhudza chivindikiro cha soketiyo. Ngati chatentha kapena mwamva fungo la pulasitiki, zimitsani ndipo mmisiriyo atsegulenso musanamulipire.