Chinkhwe cha eclectus si nkhunda, musachizoloweze njere zokhazokha

Abale ambiri amene akugwira ntchito za m'nyumba ndi m'galadeni ku Joni amasiyiridwanso ziweto za abwana, ndipo nyumba zina pakhonde pamakhala khola la chinkhwe chotchedwa eclectus. Simungachisokoneze ndi china. Chachimuna ndi chobiriwira ngati tsamba la nthochi, mlomo wam'mwamba wooneka ngati papaya wakupsa. Chachikazi ndi chofiira psuu, pamimba pabuluu, mlomo wakuda bii. Akatswiri a mbalame a ku Ulaya anatha zaka zambiri akuyesa kuti ndi mitundu iwiri yosiyana.

Kwawo kwa mbalameyi ndi nkhalango zamvula za ku New Guinea, zilumba za Solomon, zilumba za Maluku ku Indonesia, mpaka kunsonga ya Cape York ku Australia. Kumeneko imadyera pamwamba pa mitengo: nkhuyu, zipatso zina zofewa, maluwa, mphukira za masamba, njere mwa apo ndi apo. Ndiye taganizani mbalame yotereyi ikupatsidwa mbale yodzaza mpendadzuwa m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka. Imadya ndithu, mwinanso mosangalala, monga mwana amene mwamulekerera pa zitumbuwa. Koma mpendadzuwa uli ndi mafuta ambiri, vitamini A ndi wochepa. Pakapita nthawi nthenga zimazilala, mphuno zimayamba kutsekeka, thupi limanenepa ndipo chiwindi chimaonongeka. Mbalame yoti ikanakhala zaka 30 kapena kuposera apo imafa isanakalambe.

Chakudya chake n'chosasowa. M'mawa dulirani papaya, mango kapena gwafa, muikeko karoti, dzungu lophika ndi mbatata yofiira mkati, pamwamba masamba otsuka bwino monga bonongwe kapena nkhwani. Madzulo mpunga wophika pang'ono, chimanga chachiwisi, nandolo kapena nyemba zopsa bwinobwino. Nyemba zosaphika zimavulaza. Osathira mchere, mafuta kapena shuga. Njere zikhale za mphotho, zowerengeka m'dzanja. Zotsala muchotse pakatha maola ochepa, maka nyengo yotentha, chifukwa zipatso zodula sizichedwa kusasa. Ndowe za mbalame yodya zipatso zimakhala zamadzimadziko, musathamangire kunena kuti yatsegula m'mimba.

Za chakudya chogula m'mapaketi, chija chamitundumitundu ngati maswiti, ine sindichikonda pa mbalame imeneyi. Oweta ambiri aona kuti eclectus ikachulukiridwa chakudya chothira utoto ndi mavitamini owonjezera imayamba kufumbata ndi kutambasula zala mosalekeza, kapena kugwedeza mapiko popanda chifukwa. Mukaona zimenezi auzeni abwana apite nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa za mbalame, ndipo mumufotokozere zonse zimene yakhala ikudya.

Peyala ndiye musayerekeze n'komwe, ngakhale kachidutswa. Lili ndi poizoni wopha mbalame. Chokoleti, khofi ndi mowa chimodzimodzi. Mtedza wachuku tayani. Mapapo a mbalame ndi osalimba, kotero utsi wa mbaula, fodya, mankhwala opopera udzudzu ndi mpweya wochokera m'chiwaya chosamata chikatenthetsa zikhoza kuipha tsiku lomwelo. Khola lisakhale kukhitchini.

Khalidwe la chachikazi limadabwitsa ambiri. Kutchire mphako zabwino zoikiramo mazira ndi zochepa, ndiye chikapeza yake chimakhala pomwepo n'kumailondera, nthawi zina mpaka miyezi 11 pa chaka, amuna angapo akuchibweretsera chakudya. Chimaikira mazira awiri, n'kuwafungatira pafupifupi milungu 4. M'nyumba mtima umenewu sutha. Mukachimasula chimafunafuna malo amdima, m'kabati, kunsi kwa sofa, m'katoni, ndipo chikapatenga kukhala pake chimaluma aliyense woyandikira. Si nkhanza ayi. Tsekani makabati, chotsani makatoni, ndipo pochisisita gwirani kumutu kokha, osati pamsana, chifukwa kusisita pamsana kumachiutsira chilakolako choikira.

Mbalame ya kumvula imafuna kusamba. Iwazeni madzi ofunda pang'ono kangapo pa sabata, m'mawa, kuti iume dzuwa lisanalowe. Mu June ndi July Johannesburg amazizira mpaka chisanu kugwa, choncho usiku khola lilowe m'nyumba, pamalo opanda mphepo, ndipo mbalameyo igone mumdima maola 10 kapena 12. Pokolopa khola yambani mwanyowetsa ndowe zouma kuti fumbi lisakulowereni m'mphuno, popeza zinkhwe zimatha kupatsira anthu matenda a m'chifuwa otchedwa psittacosis. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Abwana akasamuka n'kukusiyirani mbalameyo ngati mphatso, musangoiika m'katoni n'kukwera nayo basi. Eclectus ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire lotchedwa CITES, ndipo siingadutse pa Beitbridge kapena pa Mwanza popanda zikalata za dziko limene ikuchokera ndi za dokotala wa ziweto. Kumudzi kuno funsani kaye ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire musanagule tikiti.