Ndalama mu VBA: Currency ndiye yake, osati Double

Ngati mumalemba tima macro (timapulogalamu tolembedwa mu VBA, chilankhulo cholembera code mu Excel) towerengera ndalama, kaya za shopu kaya za banki mkhonde, chonde siyani kuika ndalama mu Double, mtundu wa variable wosungira manambala okhala ndi dontho. Double imasunga manambala mu binary ndiye 0.1 siikwana ndendende, mukaiphatikiza ka 10 simupeza 1 weniweni, pamatsala kanyenyeswa kosaoneka ndi maso koma If ikamafananitsa imakakana basi, inu nkumangodabwa kuti buku silikugwirizana bwanji.

Dinani Alt ndi F11, mutsegule module (tsamba lolembapo code), mulembe chonchi kuti variable yanu ikhale ya mtundu wa Currency:

Dim mtengo As Currency

Currency imatenga ma byte 8, mkatimo ndi nambala yathunthu yochulukitsidwa ndi 10,000, kutanthauza kuti kuseri kwa dontho kuli malo 4 osasuntha. Matambala amangofuna malo 2 ndiye mpata ulipo. Imafika mpaka 922,337,203,685,477.5807, ndalama zoti enafe sitidzazigwira olo kumaloto. Ena amalemba Dim mtengo@ mwachidule, zimagwira koma ine sindizikonda, mawa lake umaiwala kuti ka @ kaja nkachani.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Mukalemba Dim ngongole, phindu As Currency musaganize kuti zonse ziwiri zakhala Currency ayi, ndi phindu yekha, ngongole yatsala Variant, mtundu wongolandira chilichonse. Iliyonse ipatseni As Currency yakeyake.

Array (mndandanda wa mabokosi okhala ndi dzina limodzi) ya miyezi 12:

Dim zopereka(1 To 12) As Currency

Lembani 1 To 12 yo ndithu. Mukangoti zopereka(12) VBA imayambira pa 0, mabokosi amakhala 13 ndipo limodzi limangokhala phee lopanda kanthu. Ngati simukudziwa kuti mamembala akhala angati yambani ndi Dim masheya() As Currency kenako ReDim masheya(1 To n) mukawawerenga, ndipo akabwera wina pakati pa chaka ndi ReDim Preserve, mukaiwala Preserve yo zonse munasunga zija zimabwerera pa 0, zimawawa bwanji.

Zochokera mu cell zikulungeni ndi CCur, yomwe imasandutsa nambala kukhala Currency, musanaziike mu array. Koma peresenti ya chiwongola dzanja musaiike mu Currency, si ndalama imeneyo, ndipo 0.03125 idulidwa chifukwa malo ndi 4 okha. Isiyeni mu Double, zotsatira zake ndi zomwe mubweze ku Currency. Samalaninso ndi Round ya VBA, ikapeza theka imathamangira ku nambala ya even, Round(2.5) imapereka 2 pomwe ROUND ya pa sheet imapereka 3, ndiye sankhani imodzi muziigwiritsa ntchito paliponse.