Kaonedwe ka nyumba zadothi: yambirani pansi

Mukafuna kukaona makoma a nyumba zadothi, musapite masana. Dzuwa likakhala paliwombo, khoma ladothi limangooneka mbuu. Fikani m'mamawa kapena chakumadzulo, kuwala kukamagwa chopendekeka, kuti mizere ya zala za womata ionekere.

Yambani ndi kuyang'ana m'munsi mwa khoma, chifukwa mdani wa dothi ndi madzi. Mzikiti waukulu wa ku Djenné ku Mali, womwe unamangidwanso mu 1907, uli pachiunda chotalika mamita pafupifupi 3 poopa kusefukira kwa mtsinje wa Bani. Kenaka kwezani maso mufune potulukira madzi a padenga. Mipope yadothi yowotcha imatulukira kunja ndithu, kuti madzi agwere patali osanyambita khoma.

Mitengo yasongoka m'makoma a mzikitiwu, imene eni ake amati toron, si yokongoletsa chabe. Ndi timitolo ta mgwalangwa topondapo amisiri pomata mzikitiwo chaka ndi chaka, pamwambo umene mzinda wonse umatuta dothi. Dothilo amalisakaniza ndi mankhusu a mpunga n'kulisiya masiku angapo kuti livunde, lizimata bwino. Ndiye mukaona ngodya zosalala ngati chulu, dziwani kuti nyumbayo yamatidwa kambirimbiri. Pamwamba pa nsanja za mzikitiwu pali mazira a nthiwatiwa. Koma dziwiranitu kuti amene si Msilamu salowa mkati, amaonera panja.

Ku Tiébélé ku Burkina Faso sendererani pafupi, mutapempha kaye eni nyumba. Amayi a mtundu wa Akassena a kumeneko amajambula makoma ndi katondo wofiira, dothi loyera ndi mwala wakuda, amasalaza ndi nkhulungo, pomaliza n'kuwaza madzi owiritsira makoko a mtengo wa néré kuti mvula isakokolole. Ikani dzanja pakhomapo: posalazidwa bwino pamaterera ngati mphika.

Komwe akulolani kulowa, lowani dzuwa likuswa mtengo. Khoma lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono n'kukutulutsa usiku, n'chifukwa chake mkati mumazizira.

Phunziraninso kusiyanitsa ukalamba ndi matenda. Timing'alu ting'onoting'ono ta pamwamba si kanthu, timatsekeka pomata. Mng'alu wotsika kuchokera kudenga mpaka pansi, m'munsi modyeka ndi chinyontho, kapena njira za chiswe, zimenezo ndiye zoopsa. Choipa koposa ndi simenti. Ambiri amaipaka poganiza kuti akuteteza, koma imatsekera chinyontho mkati, dothi n'kumafewa mobisika. Gogodani pang'ono ndi chala: pakamveka phokoso ngati la ng'oma, simentiyo yalekana kale ndi khoma.