Kukoka fayilo kuchokera mu terminal pogwiritsa ntchito dragon

Mnzanga wina amene amasindikiza zikalata ku Limbe anandifunsa mmene angakokere fayilo kuchokera mu terminal ya Linux (windo lolembamo malamulo a kompyuta) n'kukaiponya mu Gmail popanda kutsegula mafoda ambirimbiri. Yankho lake ndi kapulogalamu kotchedwa dragon.

Choyamba ikani libgtk-3-dev, chifukwa dragon amadalira GTK 3, zida zimene mapulogalamu amapangira mawindo awo. Mukatsitsa kodi ya dragon pa webusaiti ya GitHub, lowani mu foda yakeyo ndipo mulembe make, kenako make install. Pulogalamuyi imakakhala mu ~/.local/bin, choncho onetsetsani kuti fodayo ili mu PATH yanu (mndandanda wa mafoda amene terminal imafufuzamo mapulogalamu), apo ayi terminal idzakuuzani kuti lamulolo silikupezeka.

Tsopano lembani dragon risiti.pdf. Patuluka kawindo kakang'ono kokhala ndi dzina la fayiloyo, ndipo inu mungoligwira ndi mausi n'kukaliponya mu kalata imene mukulemba. Ine ndimawonjezera -x kuti kawindoko kazitseka kokha ntchito ikatha. Mafayilo akakhala ambiri, -a amawanyamula onse pamodzi.

Ngati mukufuna kulandira fayilo kuchokera pa desikitopu, lembani dragon --target, ndipo chimene mungaponye m'kawindomo adiresi ya pamene chili pa kompyuta ilembedwa mu terminal.

Amene muli ndi desikitopu ya KDE samalani, pakuti Dragon Player, pulogalamu yake yoonera mavidiyo, nayenso amayitanidwa ndi dzina lomweli.