Mmene Mungatetezere Ubongo Kuti Mowa Usakusandutseni Woiwalaiwala

Munthu akadzuka m'mawa osakumbukira mmene anafikira kunyumba, anzake amaseka n'kumusimbira zimene anachita usikuwo, koma zoona zake n'zakuti zinthuzo sizinasungidwe n'komwe mu ubongo mwake. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zimene zangochitika kumene kuti zidzakumbukike mtsogolo. Mowa ukachuluka mofulumira m'magazi, kachigawo kameneka kamaleka kugwira ntchito kwa maola angapo, ngakhale kuti munthuyo amakhala akuyenda, kuyankhula ndiponso kuitanitsa mowa wina. Zimenezi zikakuchitikirani, dziwani kuti mwapyola muyezo umene ubongo wanu ungapirire.

Choyamba kuchisamala ndi liwiro la kamwedwe. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa pafupifupi magalamu 10 a mowa weniweni (chinthu choledzeretsa chimene chili mu mowa) pa ola, ndipo botolo limodzi laling'ono la mowa wa m'sitolo limakhala ndi ochulukirapo pang'ono kuposa pamenepo. Khofi kapena kusamba madzi ozizira sikufulumizitsa ntchito imeneyi. Choncho musamwe m'mimba muli pululu, musapikisane ndi anzanu, ndipo muzimwa madzi pakati pa mabotolo. Kachasu ndi wovuta kwambiri chifukwa mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza, moti simungadziwe kuchuluka kwa zimene mwamwa. Musaphatikize mowa ndi mankhwala obweretsa tulo monga diazepam kapena Piriton. Wophunzira amene akukonzekera mayeso ausiyiretu, pakuti mowa umasokoneza tulo timene ubongo umakhazikitsira zimene waphunzira masana, komanso ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25.

Nkhani imene ambiri sailabadira ndi ya chakudya. Munthu womwa tsiku ndi tsiku kawirikawiri sadya mokwanira, ndipo mowawo umalepheretsa matumbo kuyamwa vitamini B1, amene ubongo sungagwire ntchito popanda iye. Vitamini ameneyu amapezeka mu nyemba, mtedza, nyama ya nkhumba ndi nsima ya mgaiwa, pamene ufa woyera umataya wambiri pokonola ndi poviika mphale. Akasowa kwambiri, munthu amasokonezeka mutu, amadzandira ngakhale asanamwe, ndipo maso ake amagwedera kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Wotereyu mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akabayidwe jekeseni wa vitaminiyu, chifukwa mukachedwa amagwidwa ndi matenda amene dokotala wa ku Russia, Sergei Korsakoff, anawafotokoza m'zaka za m'ma 1880. Wodwalayo amakumbukira bwinobwino za ubwana wake koma sakumbukira kuti wadya kale, amafunsa funso limodzi kambirimbiri, ndipo pamene waiwala amaikapo nkhani zopeka zimene iye mwini amazikhulupirira. Achibale amayesa kuti akunama kapena walodzedwa, ndiye nthawi yothandiza imathera kwa asing'anga.

Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi muli nokha panyumba. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa limanjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndipo m'masiku ochepa oyambirira ena amagwa ngati akhunyu kapena kuona zinthu zimene palibe, zomwe zingathe kupha. Yambirani kuchipatala cha boma cha m'dera lanu, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental Hospital. Ambiri akasiya, kuganiza ndi kukumbukira kumayamba kubwerera pakapita milungu kapena miyezi, ngakhale kuti amene afika pa matenda a Korsakoff sachira onse. Popita kuchipatalako tenganani ndi wachibale amene amakuonani tsiku ndi tsiku, ndipo mukauze dokotala mtundu wa mowa, kuchuluka kwake, tsiku limene munamwa komaliza komanso ngati munagwapo n'kumenyetsa mutu.